Zida zojambulira kadamsana: zomwe ndaona chigulireni

Papita miyezi ndithu chigulireni kamera yapakaunjika ya DSLR (yotheka kusintha malenzi), lenzi ya 300mm, sitandi ya miyendo itatu ndi fyuluta ya dzuwa. Cholinga changa ndi kadamsana wa pa 25 November 2030, pomwe dzuwa lidzaphimbikiratu ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Anzanga kuno ku Kasungu amati ndafulumira. Koma mdima wa kadamsana sudikira munthu. Ku Lusaka pa 21 June 2001 unangokhala mphindi zitatu ndi pang'ono, ndiye munthu sungamaphunzire mabatani nthawi imeneyo.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi chomwe chinali chotchipa pa zonse: fyuluta ya dzuwa ija, yomwe ndi pepala la Baader AstroSolar. Ndinalimata pa katoni yomwe ndinaidula mozungulira kuti izivala kutsogolo kwa lenzi. Limaoneka lopepuka ndi lamakwinya moti poyamba sulikhulupirira, koma pa magawo 100,000 a kuwala limangolola gawo limodzi kudutsa. Dzuwa limatuluka loyera bwino, timadontho takuda ta pankhope pake tikuoneka. Ndimalisunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo ndisanajambule ndimayamba ndaliunika ngati labooka. Likabooka ndi lotaya basi. Chonde abale, magalasi akuda, galasi lodetsedwa ndi utsi kapena filimu ya X-ray si fyuluta. Diso likapsa silimva kuwawa nthawi yomweyo. Fyuluta imachotsedwa pokhapokha dzuwa litaphimbikiratu, ndipo imabwerera likangoyamba kusuzumira.

Lenzi ndi yapakatikati. Pa 300mm dzuwa limakhala laling'ono pachithunzi, komabe malo otsalawo adzathandiza kugwira kuwala kozungulira dzuwa mdima ukadzagwa. Fokasi ndimachita pamanja, kenako ndimamata tepi kuti isasunthe.

Sitandi ndiye yandikhumudwitsa. Dzuwa limasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse, choncho umafunika kulilondola pafupipafupi. Ukamasula chomangira, kamera imagwadira pansi. Ukamanga, dzuwa lathawa kale. Fumbi la mu Okutobala litalowa m'miyendo, zinafika poipa. Mphepo ikawomba kuchokera kuphiri la Kasungu, chithunzi chimanjenjemera, moti ndimapachika kathumba ka mchenga pakati pake. Zimathandiza, koma osati mokwanira.

Mayeso enieni anali kadamsana wa mwezi wa pa 7 September 2025. Mwezi uli woyera zithunzi zinatuluka bwino, koma utafiira kuwala kunachepa, kamera inafuna nthawi yotalikirapo, ndipo zambiri zinachita chimbuuzi chifukwa cha kugwedera komweko. Batire inapirira mpaka pamapeto.

Kamera ndi fyuluta ndikhala nazo. Ndalama yotsatira ipita ku sitandi yolemera ndi kachingwe kojambulira osakhudza kamera, za lenzi yaitali zidzabwera pambuyo.