Soda ndi viniga, kapena madzi a lumanda?

Tikamayesa za sayansi pakhomo, ana anga kuno ku Chipata amakonda za soda ndi viniga. Timathira supuni ya soda m'baluni, viniga pang'ono m'botolo, n'kuveka baluniyo kukamwa kwa botolo. Soda ikagweramo thovu limatumphuka, mpweya wa carbon dioxide n'kufufumitsa baluni. Amakuwa ndi chimwemwe! Koma zimatha msanga, ndipo viniga ngogula.

Ine mtima wanga uli pa lumanda. Wiritsani maluwa ake ofiira, inu akulu osati mwana, madziwo azizire, muwagawe m'makapu awiri. Mukafinyira ndimu m'kapu imodzi, amafiira kwambiri. M'inayo thirani chidulo chophikira therere, muona akuda n'kubiriwira. Apa mwana amadzionera yekha kusiyana kwa asidi (monga ndimu) ndi alikali (monga chidulo), mawa lake n'kumapempha kuyesa sopo ndi phulusa.