Kamakina kopangira mabaji ka 58mm, nditakagwiritsa ntchito ku Comic Con Africa

Abale amene mumajambula anime (makatuni a kalembedwe ka ku Japan) muli kuno ku Joni, kamakina aka ndinakagula kuti ndikagulitse mabaji ku Artist Alley (malo amene ojambula amagulitsirapo ntchito zawo) ya Comic Con Africa, chionetsero cha makomiki, anime ndi magemu, ku Nasrec, ndipo sindikunong'oneza bondo olo pang'ono. Sikafuna magetsi, ndi kamanja basi, umaika kachitsulo kozungulira, pamwamba pake chithunzi chako chodulidwa 70mm, kenako kapulasitiki, kudina kamodzi, kutembenuza, kuika chakumbuyo chokhala ndi pini nkudinanso, baji yatheka.

Koma pepala likhale lopyapyala chonde. Ine ndinayamba ndi pepala lokhuthala la zithunzi lija, mabaji asanu ndi awiri anakwinyika m'mbali, mtima unandipweteka chifukwa zithunzizo ndinazijambula usiku wonse. Nditasintha pepala zonse zinayenda myaa. Chodulira chomwe chimabwera nako chimabuntha msanga, gulani china.

Kamalemera ndithu, mu taxi ndinavutika nako. Chinandisangalatsa n'choti mtsikana wina wovala cosplay (zovala zotsanzira munthu wa m'katuni kapena m'filimu) ya tsitsi la buluu anandipempha baji ya dzina lake, ndinampangira pompo iye akuonerera, anaikhoma pachikwama asanalandire ndi chenji komwe.