The Masterplan ya Oasis: wogulitsa anandinamiza, koma chimbalechi sindibweza

Ndiyambe ndi mnyamata wa pa shopu ina ya ku Limbe, yemwe anandigulitsa CD ya Oasis, gulu loimba la ku England, chifukwa mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Dzina la shopu sinditchula, eni ake akudzidziwa. Ndinamufunsa kawiri, poyamba pa WhatsApp kenako pa foni: "Achimwene, chimbale cha Oasis mwaikachi, Wonderwall ilimo?" Iye osazengereza n'komwe: "Zonse zilimo madala, zotchuka zokhazokha." Tsiku lomwelo ndinatumiza K28,000 ya chimbalecho, kuwonjezapo K5,000 ya basi. Mukudziwa nokha mmene ndalama ikuvutira kupeza masiku ano.

Katundu wa "mawa afika" anatenga masiku 9. Kudepoti ndinapitako katatu, ndipo ulendo wachitatuwo ndi pomwe kondakitala anasolola envelopu pansi pa mpando, yopanda ngakhale kakatoni kotchinjiriza mkati. Chikesi chinali chitasweka pakona, timano togwira CD pakati paja titathothoka, CD ikungogwedera. Ndinatembenuza kumbuyo ndili chiimire padzuwa pomwepo n'kuwerenga mayina onse 14. Wonderwall mulibe. Don't Look Back in Anger mulibe. Live Forever, Champagne Supernova, ngakhale imodzi. Panalibe dzina lomwe ndinkalidziwa.

Nditamuimbira anandiyankha mopanda manyazi: "Akulu, Oasis ndi Oasis basi. Komanso katundu akatuluka sabwerera." Kuchoka apo mauthenga anga ankangowawerenga, osayankha. Munthu wamkulu ngati ine kundichita ngati mwana wotumidwa kugolosale! CD ija ndinaiponya m'kabati ka kutsogolo kwa galimoto, pamodzi ndi mapepala a inshulansi, ndipo inagona mmenemo milungu itatu.

Ine ntchito yanga ndi ya takisi, kutenga alendo pa boma la Mangochi kapena ku Liwonde kupita nawo kunyanja. Sienta yangayi ndi zija zochokera ku Japan, wailesi yake imathera pa 90, ndiye masiteshoni ambiri sagwira, koma polowetsa CD pamagwira bwino. Oasis ndinaidziwira ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili mnyamata wopalasa alendo kupita nawo kuchilumba cha Thumbi. Nthawi imeneyo mzungu aliyense wobereka chikwama ndi gitala ankati akakhala pamchenga madzulo, nyimbo yake ndi Wonderwall. Ndiye zitamveka mu Ogasiti 2024 kuti Noel Gallagher ndi mng'ono wake Liam, otsogolera gululi, agwirizananso, atakhala chipatukanire 2009, alendo ochokera ku England nkhani inali yomweyo m'galimoto. Ndinafuna chimbale cha nyimbo zawo zodziwika kuti ndiziwasangalatsa nacho panjira. Basi, ndi zokhazo zomwe ndinapempha.

Tsiku lomwe zinthu zinatembenuka linali la mu Juni, mwera ukuwomba, nyanja itachita thovu. Ndinanyamula bambo ndi mayi achikulire pafupi ndi chipilala cha wotchi paja, ulendo wa ku Cape Maclear. Tisanafike n'komwe pa Maldeco flash yanga inakana kuwerenga, mayi aja n'kufunsa ngati ndili ndi nyimbo zina. Ndinatulutsa CD ija mtima usakufuna. Itangoyamba nyimbo yoyamba, Acquiesce, magitala atangolira, bambo aja anamenya mpando wanga kumbuyo ndi chikhatho mpaka ndinadzidzimuka, ndimaganiza kuti ndagunda mbuzi. Ayi, anali atayamba kuimba, mawu onse pamtima, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Mayi aja akuseka, akuwagwira dzanja.

Anali a kufupi ndi Manchester, komwe gululi linachokera, ndipo ndi iwo anandimasulira chomwe ndinagula. Kale nyimbo ikamatuluka payokha pa mbale, yomwe amati single, mbali yoyamba inkakhala ya nyimbo yopita kuwailesi, kuseri kwake n'kuikako ina yongodzazira malo. Yakuseriyo ndiyo B-side. Atangotero ndinakumbukira timbale ting'onoting'ono ta simanjemanje ta malemu bambo anga, momwe ankatitembenuzira pa galamafoni akamaliza mbali imodzi. The Masterplan, yomwe inatuluka mu Novembala 1998 pansi pa Creation Records, ndi mtolo wa nyimbo zakuserizo, zomwe zinatuluka pakati pa 1994 ndi 1997. Acquiesce, Talk Tonight ndi Headshrinker zinali kuseri kwa Some Might Say mu 1995. Ndipo nyimbo yomwe yapatsa chimbalechi dzina inali kuseri kwa Wonderwall yomwe ndinkaifunayo! Bambo aja ananena kuti ali mnyamata ankagula single iliyonse chifukwa cha zakuserizo, osati yapamwambayo.

Komabe kusangalala kwa mlendo si kwanga. Ine chinandigwira pobwerera.

Ndinawatsitsa ku Chembe dzuwa likulowa, ndikuyamba kukwera mapiri aja a m'nkhalango ya Lake Malawi National Park ndekhandekha, anyani atakhala m'mbali mwa msewu. Ndinaibwezera CD poyambira n'kukweza voliyumu. Mu Acquiesce mng'ono ndiye amaimba ndime, mawu ake okhakhala otulukira m'mphuno, kenako pa kolasi mkulu wake amalandira ndi mawu okwera, ndipo pamene akulandiranapo thupi limachita tsembwe. Kenako Talk Tonight: gitala yopanda magetsi, Noel yekha, ngati munthu akuimbira pakhonde anthu onse atagona. Anailemba mu 1994 atanyanyala gululi ku America, shoo ya ku Los Angeles itasokonekera, n'kuthawira ku San Francisco osatsanzika anzake. Ngakhale usadziwe mbiri imeneyo, umamva ndithu kuti woimbayu watopa ndipo ali kutali ndi kwawo.

Ya nambala 10, Half the World Away, inandipeza mdima utagwa, nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati tauni. Nyimbo yofatsa, ya munthu amene watopa ndi mzinda wake ndipo mtima uli pa kuchoka. Ife a ku Mangochi nkhani imeneyi sitichita kuuzidwa. Ndi khomo liti kuno lopanda mwana ku Joni? Wanga mng'ono anapita zaka zapitazo titakangana za injini ya boti ya malemu bambo, iye ankafuna igulitsidwe apeze thiransipoti, ine ndinakana, ndipo mawu omwe tinalankhulana tsiku limenelo si obwereza pano. Chichokereni tinkangomverana kwa alongo athu. Ndinaimika galimoto pambali ndisanafike pa Makawa, ndinazimitsa injini, ndikuibwereza nyimboyo katatu. Kachitatuko ndinayandikiza foni pa sipika, ndikujambula, ndikumutumizira popanda kulembapo kanthu. Manja ankanjenjemera. Anayankha mawa lake masana: "Ndamva achimwene. Ana ali bwanji?" Sikuti zonse zatha, nkhani ya injini sitinaikhudzebe, koma pano Lamulungu lililonse timaimbirana.

Ndiye mundimvetse ndikamati sindibweza.

Kunena chilungamo, si zonse 14 zomwe ndi zabwino. The Swamp Song ilibe mawu, ndi magitala ndi kachitoliro ka pakamwa (harmonica) kungothamangitsana, ndipo ngakhale muli dzanja la Paul Weller, woimba wotchuka wa ku England, ine ndimaidumpha. I Am the Walrus ndi nyimbo ya The Beatles yomwe anaijambula akuimba pa siteji, ndipo imatalika mpaka kumapeto kumangotsala phokoso. Headshrinker pa masipika a Sienta imamveka ngati matalala pa malata, mlendo wina anachita kundipempha kuti nditsitse. Stay Young ndi yosangalatsa koma yopepuka, ukaimva kawiri wakhuta. Bambo a ku Manchester aja anadandaulanso kuti Round Are Way, yomwe inalinso kuseri kwa Wonderwall, anaisiya kunja, ndipo nditaipeza pa intaneti ndinagwirizana nawo, ikanalowa m'malo mwa yopanda mawu ija. Komanso amene mukufuna nyimbo zomwe sizinatulukepo, zotoledwa m'studio, muno mulibe. Zonsezi zinali zitamveka kale kwa omwe ankagula ma single, angozisonkhanitsa malo amodzi.

Koma zinazo! Listen Up, Rockin' Chair, Fade Away yomwe imathamanga ngati ikuthawa mvula, Going Nowhere ndi malipenga ake ofewa aja. Ndipo yotsekera, The Masterplan, imayamba pang'onopang'ono ndi gitala ndi mavayolini, n'kumakula, n'kumakula, mpaka malipenga kulowa. Sindimvetsa kuti munthu angalembe nyimbo yotere n'kuibisa kuseri kwa ina. Kwathu kuno timadziwa kuti mpunga wophika bwino kukoma kwake kuli kunkhoko, ana amachita kulimbirana mphika. Zaka zimenezo Noel ankalemba nyimbo zambiri zabwino kuposa malo omwe anali nawo, ndiye zina zinangotsalira pansi pa mphika choncho. Ndimaimvera Wonderwall pa foni ndikaifuna, koma ndikuuzeni zoona, sindinaifunenso kawirikawiri chiyambire ulendo uja.

Chimbale chonse chimatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndiye ndikanyamuka pa boma chimatha ndikuyandikira pokhotera ku Cape Maclear. Kwa amene mukungoyamba kumene kumvera gululi, yambani ndi Definitely Maybe ya 1994 kapena (What's the Story) Morning Glory? ya 1995, mmenemo ndi momwe muli zotchuka zija. Ichi chibwere pambuyo. Kwa amene munazimva kale mpaka kutopa nazo, gulani osaganiza kawiri. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi ndi theka.

Za mnyamata wa ku Limbe uja, mtima watsikako pang'ono. N'kutheka kuti iyenso sankadziwa chomwe akugulitsa, anangoona dzina la gulu pachikuto. CD ndi ya orijino, si yobena, kabuku kake kalimo, pamenepo sanandibere. Koma kusadziwa si mlandu, mlandu ndi kunena kuti "zonse zilimo" usanatembenuze n'komwe chikesi kuti uwerenge, kenako n'kusiya kuyankha munthu amene wakupatsa ndalama yake. Ndipo chifukwa cha kupakira kwake kosasamala kuja, CD inakalika, moti Underneath the Sky imadumpha pakatikati nthawi iliyonse, malo omwewomwewo. Ndinamulembera kuti anditumizire chikesi china chokha, ndilipira ndekha basi. Lero ndi mwezi wachiwiri, uthengawo anauwerenga. Mukafuna kugula kwa iwowa, auzeni ajambule kumbuyo kwa chimbale akutumizireni musanatumize ndalama, ndipo muwakakamize akulunge m'katoni.