Nyenyezi zitatu basi, ziwiri zapita ndi mayi wa pakauntala uja

Ndadikira dala kuti masitichi achoke kaye ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba tsiku lija ndikanatukwana. Ndikunena za kiliniki ya pulaiveti ija ya ku Lilongwe imene imatsatsa zoyeza m'mimba ndi khungu pamtengo umodzi, mtengo wake si wamasewera, ine ndinachita kutapa ndalama za kubanki m'khonde kuti ikwane.

Vuto langa linali la zaka ziwiri. Kutsegula m'mimba kosatha, mimba kufufuma ngati ndameza mpira, magazi kuchepa, kenako timatuza toyabwa m'zigongono zonse ziwiri, m'mawondo ndi m'matako, kuyabwa kwake koti umadzikanda mpaka kudzuka shiti ili magazi. Kulikonse ankati ndi mphere. Nyumba yonse tinadzola BB, mankhwala a mphere aja, kawiri, mabulangete tinawiritsa, ana mpaka kumandithawa, koma woyabwidwa ndinali ndekha.

Mbali ya ekisire ndilibe nayo mawu. Anati ndisadye kuyambira pakati pausiku, mmawa anandimwetsa barium, chiphala choyera chija chokoma ngati choko, nkumandijambula pakapita mphindi makumi awiri kapena atatu uku chikutsika m'matumbo, ndipo achimwene ojambula aja anali munthu, anatembenuza sikirini kuti nane ndizionera, nkundichenjezeratu kuti ndikamwe madzi ambiri komanso ndisakadzidzimuke chimbudzi chikakatuluka choyera. Chinatulukadi choyera masiku awiri. Sanapeze chotupa kapena potsekeka. Ine mwaumbuli wanga ndinkaganiza kuti kachikopa kamene adokotala adzadule pakhungu langa kokayeza akakajambulanso pa ekisire, poti alamu anga anali atanditumizira nkhani ya makina ena a ekisire amene amaunika kachidutswa ka khungu mpaka kuona pamene pali zinc kapena ayironi. Nditafunsa, achimwene aja anaseka, akuti amayi amenewo ndi synchrotron, ya ku Grenoble ku France kuzungulira kwake ndi mamita 844, mu Africa muno mulibe ngakhale imodzi, ndipo ndi za kafukufuku osati za odwala a pamzere ngati inu. Chabwino, ndinaphunzirapo.

Adokotala atangoona zigongono zanga anati akukayikira dermatitis herpetiformis, matenda apakhungu obwera thupi likamadana ndi gluten wa mu tirigu, m'bale wake wa coeliac, matenda a m'matumbo obweranso ndi gluten yemweyo, ngakhale kuti kwa ife anthu akuda saonekaoneka. Anabaya jakisoni wa dzanzi nkudula tizikopa tiwiri ndi kachitsulo kozungulira ngati kamutu ka bolopeni, mamilimita 4, kena pathuza penipeni, kena pambali pake pooneka pabwinobwino. Sitichi imodzi imodzi. Anesi anatenga mabotolo awiri nkutuluka nawo, akuti apita ku labu ya ku Joni, zotsatira masabata awiri. Ndipo anandiuza motsindika kuti ndisasiye buledi mpaka zoyeza zonse zithe, kuphatikizapo kuyeza magazi kotchedwa tTG, koona ngati thupi likulimbana ndi gluten, chifukwa ukasiya tirigu msanga zotsatira zimatha kunama. Nde tangoganizani, mmawa uliwonse kudya masilaisi ukudziwa kuti mwina ndi amene akukupweteka, usiku nkumakanda.

Masabata awiri anatha, zii. Ndikaimba foni amati sistemu ili pansi, kapena amene amaona zimenezo watuluka, kapena tikuimbirani. Sabata yachitatu nayo inatha. Sabata yachinayi ndinapempha kuntchito, ndinakwera minibasi ziwiri ndi kabaza, nkukafika pakauntala. Mayi uja anali pa foni yake akuseka, ndinaima mwina mphindi zisanu asanadzutse mutu. Nditapereka risiti anadina dina kompyuta, osandiyang'ana nkomwe, nkunena kuti aaa sampulo yanu ina anaikana ku labu, mukuyenera kudulidwanso, mulipire kaye pa windo lachiwiri. Basi. Ngati akundiuza kuti shuga watha mushopu. Ndinafunsa kuti anaikana liti, anati pa sistemu pakuonetsa kuti uthenga unabwera kalekale. Kalekale! Ndiye kuti masiku onse ndinkaimba aja uthenga unali pompo pamaso pawo, ine ndikungotafuna buledi. Ndinati asisi, chifukwa chake nchiyani, anati zimenezo si za ine amayi, ine ndi wa ma appointment, mukufuna ndikulembeni kapena ayi, kuli anthu kumbuyo kwanuko. Apa mpamene ndinataya ulemu, ndivomere. Ndinakwinya malaya mpaka m'mapewa nkuika zigongono zonse ziwiri pakauntala pawo paja, nkhanambo ndi zipsera zili poyera, ndinati onani izi, muone bwinobwino, kenako mundiuzenso za windo lachiwiri. Iwo anangokankhira mpando kumbuyo nkutenga kabotolo ka sanitaiza kupopera pakauntala ine ndili pomwepo. Zimenezo ndi zimene sindidzaiwala. Matendawa sapatsirana, wogwira ntchito pamalo oona za khungu akanayenera kudziwa, ndipo ngakhale akanakhala opatsirana munthu sumupopera mankhwala pamaso ngati mphemvu. Agogo ena amene anakhala pabenchi anachita kunena kuti mwana iwe, ameneyu ndi kholo la wina wake. Mayi uja anangoti mxii.

Phokoso ndi limene linatulutsa adokotala. Apa ndinene chilungamo, bambo amene uja anandithetsa mkwiyo theka. Anandilowetsa mkati, anaitanitsa fayilo, anawerenga, nkugwira kumutu. Akuti kachikopa ka pathuza kamayenera kulowa mu formalin, mankhwala osungira zoyeza kuti zisaole, koma kapambali kaja kali ndi madzi akeake otchedwa Michel's medium, chifukwa kamakaunikidwa ndi utoto wowala pofuna kuona timadontho ta IgA, asilikali ena a m'thupi amene amaunjikana pansi pa khungu pa matendawa, ndipo formalin amaononga zimenezo. Anesi anaika tonse tiwiri mu formalin. Sanazembe, sananamizire a courier kapena a ku Joni, anati mayi talakwa ndife pepani, ndipo simulipira kalikonse. Anadula kachikopa kena tsiku lomwelo, botolo anatenga okha mu filiji, anandiwerengetsa dzina lake ndi maso anga, analemba dzina langa ine ndikuona, nkundipatsa nambala yawo kuti ndisadzerenso pakauntala. Patatha masiku khumi anandiimbira okha cha m'ma 7 madzulo.

Anapezadi IgA uja, magazi nawo anagwirizana nazo. Anati poti khungu latsimikiza, zomeza kamera kuti aone m'matumbo sizofunika panopa. Asanandipatse dapsone, omwe aja amaperekanso kwa odwala khate, anayamba ayeza G6PD, chinthu china choteteza magazi, chifukwa kwa amene ali nayo yochepa mankhwalawa amaswa magazi, ndipo vuto limeneli kuno kwathu ndi lofala. Yanga inali bwino. Anthuni, tsiku lachitatu ndinagona mpaka kucha osakanda, ndinadzuka nkumadzifunsa kuti chavuta nchiyani. Magazi ndimakayezetsabe pafupipafupi chifukwa cha mankhwalawo, ndipo anandiuziratu kuti dapsone amangoletsa kuyabwa, m'mimba simuchira naye, m'mimba ndi kusiya tirigu, barele ndi rye moyo wonse, khungu nalo kuti lidzakhale bwino popanda mapilisi pamatenga miyezi yambiri mwina mpaka zaka ziwiri. Mwayi wake nsima ilibe gluten. Kondowole, mpunga, mbatata, chinangwa, thobwa la mawere zonse ndikudya. Chandipweteka ndi mandasi ndi masikono a tiyi, ndipo chigumu ndimayamba ndafunsa ngati sanasakanize fulawa, ogulitsa mpaka amandiona ngati wamatama. Za mkate wa mgonero ndinakalankhula ndi abusa, tikuonabe chochita. Pepala la zakudya limene anandipatsa pakiliniki paja ndi lokopera kunja, muli zinthu zoti sindinazionepo mu golosale iliyonse, nsima osaitchula ngakhale pamodzi, alikonze limenelo.

Nde kwa amene mukufuna kupita, pitani, adokotala ndi odziwa ntchito ndipo ojambula ekisire ndi aulemu, chimbudzi chaukhondo, poimika galimoto mpochepa. Koma akamadula khungu funsani kuti mabotolo ndi angati ndipo muli madzi anji, musachite manyazi, komanso sabata yachiwiri ikatha musadalire foni yapakauntala. Ine ndili ndi zipsera zitatu m'malo mwa ziwiri komanso mwezi wathunthu wokanda mwaulere, thiransipoti ya maulendo owonjezera aja palibe anaitchula. Kalata yodandaula ndinalemba, a manijala anayankha mizere iwiri kuti nkhaniyi aiona. Lachiwiri lapitali ndinapita kukayezetsa magazi, mayi uja ali pompaja, foni ili m'manja, sanitaiza wake ali pambali. Anandizindikira, anayang'ana kumbali. Ine ndinavala dala bulauzi ya manja aafupi.