Mkondo wa ku Ulaya ndi Uta wa Amongolia pa Nkhondo ya pa Akavalo

Pa 9 April 1241, njira ziwiri zomenyera nkhondo pa akavalo zinakumana ku Legnica m'dziko la Poland, ndipo patangodutsa masiku awiri zinakumananso ku Mohi m'dziko la Hungary.

Msilikali wa ku Ulaya ankavala chovala cha mphete zachitsulo zolukana, ndipo ankathamangira adani ali pamzere ndi anzake, mkondo wautali ataupanira m'khwapa. Adani akaima malo amodzi, kugunda kotereku kunkawabalalitsa, koma kavalo wolemedwa sachedwa kutopa, ndipo zida za msilikaliyo zinali zodula kwambiri.

Amongolia ankadalira uta wopangidwa ndi mtengo, nyanga ndi mitsempha ya nyama, umene ankalasa nawo kavalo ali pa liwiro. Aliyense ankayenda ndi akavalo angapo osinthanitsa, ndipo asilikali ankagawidwa m'magulu a anthu 10, 100, 1,000 ndi 10,000. Chinyengo chawo chotchuka chinali kunamizira kuthawa, kuti owathamangitsa atalikirane ndi anzawo oyenda pansi, kenako n'kuwatembenukira ndi mivi. Pomaliza penipeni m'pamene okwera awo ovala zodzitetezera ankalowa ndi mikondo. M'kuona kwanga, mwambo womvera malamulowu ndi umene unawapambanitsa kuposa uta weniweniwo. Henry II wa ku Silesia, amene ankatsogolera asilikali a ku Ulaya, anafera ku Legnica, ndipo mfumu Béla IV ya ku Hungary inapulumuka ku Mohi pothawa.

Komabe akavalo ochuluka chotero ankafuna msipu wambiri, ndipo uta sugwetsa khoma: mu 1242 Amongolia anawononga mzinda wa Esztergom ku Hungary, koma linga lake lamiyala la pa phiri linawakanika.