Edge of Tomorrow, Source Code ndi Boss Level: muyambe ndi iti?

Anzanga akhala akundifunsa kuti pa mafilimu a munthu wofa n'kudzukanso tsiku lomwelo, yabwino ndi iti. Ndiyambe ndi chenjezo. Ndinawononga bandulo yonse kutsitsa filimu yolembedwa kuti Live Die Repeat poganiza kuti ndi gawo lachiwiri la Edge of Tomorrow. Nditatsegula, ndinapeza kuti ndi yomweyo ya 2014, dzina lokha n'losiyana. Zinandipweteka kwambiri. Mukaona maina awiriwa, musalipire kawiri.

Ngakhale zili choncho, imeneyi ndiyo ndimaikonda. Tom Cruise ndi msilikali wamantha dzina lake Cage, wozolowera kulankhula pa TV, amene sanalaweko nkhondo. Amutaya pagombe la ku France, afa, adzuka, afanso. Imfa iliyonse imamuphunzitsa kanthu: apa ndigwade, apa ndithamange, uyu sindingamupulumutse. Emily Blunt, yemwe ndi Rita, amamuombera yekha akangovulala kuti tsiku liyambirenso. Kenako Cage aikidwa magazi kuchipatala, mphamvu yobwerera ija n'kutha. Pofika ku Paris amakhala ndi moyo umodzi ngati ife tonse, ndipo kwa nthawi yoyamba mtima umagunda ukamuona akulowa m'madzi. Doug Liman, yemwe anatsogolera filimuyi, anaiganizira bwino nkhaniyi.

Source Code ya 2011 ndi yaifupi, ndipo ilibe nkhondo zambiri. Jake Gyllenhaal amalowetsedwa mobwerezabwereza m'thupi la mphunzitsi wina, ndipo ulendo uliwonse ali ndi mphindi 8 zokha m'sitima yopita ku Chicago kuti apeze amene watchera bomba. Imakoka ndithu, koma mathero ake sandikhazika mtima pansi. Iye watsala m'thupi la mphunzitsi, akuyenda mosangalala ndi mkazi amene anakumana naye m'sitimamo. Nanga mphunzitsi mwini thupi wapita kuti? Filimuyo siifunsa n'komwe.

Boss Level ndi ya zibakera, mfuti ndi malupanga. Frank Grillo timamupeza atafa kale kambirimbiri, moti imfa sakuiopanso, ndiye nanenso sindinamuopere. Mel Gibson alimo koma sapatsidwa zambiri zochita. Ndi yoonera pagulu mukucheza.

Ngati bandulo yanu ikukwana filimu imodzi, tengani Edge of Tomorrow. Source Code ibwere pambuyo, tsiku lomwe m'nyumba muli zii, chifukwa mukaphonya mphindi ziwiri mwasokera.