Keystone ya OpenStack: kuiika ndi ola limodzi, kuisamala ndiye ntchito

Makampani ndi mabungwe ena muno mu Harare akatopa ndi kulipira AWS kapena Azure m'madola a ku America mwezi ndi mwezi, amayamba kuganiza zomanga cloud yawoyawo ndi OpenStack, gulu la mapulogalamu aulere oyendetsera cloud pa maseva a eni ake. Palinso lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe linapatsa POTRAZ, bungwe loyang'anira za mtokoma ndi matelefoni ku Zimbabwe, udindo woyang'anira chitetezo cha data, choncho funso loti data ya anthu ikusungidwa kuti silinyalanyazidwanso. Aliyense wotenga njira imeneyi amayambira pa Keystone, chifukwa zigawo zina za OpenStack monga Nova, Neutron, Glance ndi Cinder sizigwira ntchito popanda iyo. Ndi imene imatsimikiza kuti munthu ndi ndani, imapereka tokeni (chiphaso chakanthawi chosonyeza kuti munthu walowa), komanso imasunga mndandanda wa maadiresi a mbali zonse za cloud.

Maganizo athu ndi awa: ndi pulogalamu yokhwima, yaulere, ndipo yakhala m'gulu la zigawo zazikulu za OpenStack kuyambira pa mtundu wa OpenStack wotchedwa Essex mu 2012. Koma mavuto ake saonekera tsiku loiika. Amadikira tsiku limene magetsi athima nthawi yolakwika.

Kuiika sikuvuta. Pa Ubuntu mumapanga database mu MariaDB, n'kuika phukusi la keystone, kenako mu /etc/keystone/keystone.conf mumalemba mzere wa connection pansi pa [database] ndi provider = fernet pansi pa [token]. Mukatero pali malamulo anayi a keystone-manage otsatizana: db_sync, fernet_setup, credential_setup ndi bootstrap. Keystone imayenda pansi pa Apache kapena uWSGI pa port 5000. Mukapeza malangizo otchula port 35357 kapena API ya v2.0, asiyeni, ndi akale. API imeneyo inachotsedwa pa Queens mu 2018. Kanthu kamodzi kamene kamadyera anthu nthawi: pasiwedi ya database ikakhala ndi chizindikiro cha @ kapena /, mzere wa connection umasweka chifukwa ndi URL, ndipo uthenga umene umabwera sukuuzani zimenezo poyera. Sankhani pasiwedi yaitali ya zilembo ndi manambala okhaokha. China, domain yoyamba dzina lake ndi Default ndi D wamkulu koma ID yake ndi default ndi d wamng'ono. Mukasokoneza ziwirizi mu clouds.yaml, lamulo la openstack token issue likhoza kukana ngakhale pasiwedi ili yolondola.

Pamene pafunika kukhalitsa ndi pa makiyi a Fernet. Matokeni a mtunduwu anabwera pa Kilo mu 2015, ndipo ubwino wake ndi woti sasungidwa mu database. Zonse zokhudza munthuyo zimatsekeredwa mu tokeni momwemo, ndipo seva iliyonse yokhala ndi kiyi woyenera imatha kuitsekula. Makiyiwo ali mu /etc/keystone/fernet-keys/, ndi mafayilo aang'ono okhala ndi manambala ngati mayina. Wa nambala yaikulu kwambiri ndi amene amatseka matokeni atsopano. Wa nambala 0 ndi wodikira, amene adzakwezedwe ulendo wotsatira. Otsalawo amangotsekula matokeni akale. Mukayendetsa keystone-manage fernet_rotate, kiyi 0 amakwera pamwamba, 0 watsopano amapangidwa, ndipo wakale kwambiri amafufutidwa ngati chiwerengero chadutsa max_active_keys, yomwe imabwera ili pa 3.

Nayi nkhani yake. Keystone sigawa yokha makiyiwa ku maseva ena. Ngati muli ndi ma controller atatu (maseva oyendetsa Keystone) kuseri kwa HAProxy, yomwe imawagawira zopempha, mumasintha makiyi pa seva imodzi yokha n'kukopera ku zinazo ndi rsync kapena Ansible. Seva ikaphonya kusintha kumodzi palibe chovuta, chifukwa kiyi watsopanoyo inali naye kale monga 0. Koma ikakhala yozima kwa nthawi yaitali, mwina UPS ya rack yake inatha mphamvu jenereta isanalire, n'kuphonya kawiri, imadzuka ndi makiyi osadziwa matokeni atsopano. Zotsatira zake n'zosokoneza: pa zopempha zitatu, ziwiri zimadutsa, chimodzi chimabwera ndi 401, nambala yosonyeza kuti tokeni yakanidwa. Anthu amathamangira kusintha mapasiwedi, ena amaloza chala netiweki. Yambani ndi kuyerekeza md5sum ya mafayilo a mu foda ija pa maseva onse atatu.

Nambala 3 ija nayonso nthawi zambiri imachepa. Tokeni imakhala masekondi 3600 mukapanda kusintha, koma palinso allow_expired_window ya maola 48, yolola kuti ntchito zazitali, monga kukopera disk yaikulu, zimalizike tokeni itatha kale. Phatikizani ziwirizi, gawani ndi nthawi yapakati pa kusintha makiyi, wonjezerani 2. Mukamasintha kamodzi patsiku, maola 49 kugawa ndi 24 amadutsa pang'ono pa 2, ndiye tengani 3, kuwonjeza 2, mupeza 5. Kolla-Ansible, chida choikira OpenStack, imachita kusintha ndi kugawa makiyi yokha, ndipo kwa gulu la anthu awiri kapena atatu osamala cloud, chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira kuisankha m'malo moika zonse pamanja.

Foda ina yoyandikana nayo, credential-keys, musaitenge ngati yofanana. Mukataya makiyi a Fernet, anthu amangolowanso. Mukataya a credential, zinsinsi za TOTP (manambala olowera osintha pakanthawi) ndi makiyi a EC2 zosungidwa mu database sizitsekukanso. Isungeni pa backup, ndipo mukaisintha yendetsani credential_migrate musanasinthenso.

Wotchi ndi vuto lachiwiri, ndipo kuno kumene kampani ya magetsi ya ZESA imagawa magetsi mosinthana madzi akachepa ku Kariba, limabwera kawirikawiri. Maseva ogulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito amabwera ndi kabatire ka CMOS kotopa. Akazima n'kuyakanso, wotchi imabwerera m'mbuyo, ndipo tokeni yoperekedwa ndi seva imeneyo imaoneka yotha kale kwa zinzake. Ikani chrony, pulogalamu yolondolera wotchi, paliponse, seva imodzi ya m'kati ikhale yopereka nthawi kwa zinazo kuti zigwirizane ngakhale intaneti isanabwerere, ndipo Apache idikire wotchi ilondole isanayambe. Lamulo la chronyc tracking likuonetsani kusiyana kwake. Malogi asiyeni pa UTC. Harare ili patsogolo ndi maola awiri, ndiye musadabwe zochitika za 8 koloko m'mawa zikalembedwa 06:00.

Magetsi akathima kwa maseva onse nthawi imodzi, Keystone imayankha 500, nambala yosonyeza vuto la mu seva, koma vuto silikhala lake. Galera, yomwe imagwirizanitsa database ya MariaDB pa maseva onse, sidzuka yokha ikagwa yonse. Muyenera kupeza seva imene inali ndi zolemba zomaliza n'kuyambitsira pamenepo, kapena kugwiritsa ntchito njira ya mariadb recovery ya Kolla-Ansible.

Chimene sitikondwera nacho kwenikweni ndi udindo wa admin. Kuyambira pa Rocky mu 2018, bootstrap imapanga admin, member ndi reader, ndipo admin amatenga mphamvu za member, member za reader. Zikumveka bwino. Koma mwa chikhalidwe cha OpenStack, munthu akapatsidwa admin pa pulojekiti imodzi, mbali zambiri zimamutenga ngati admin wa cloud yonse. Zili ngati kupatsa wochita lendi chipinda chimodzi ku Highfield makiyi a nyumba yonse. Ntchito yokonza zimenezi yatenga zaka zambiri ndipo zigawo zosiyanasiyana zinafika pa milingo yosiyana, choncho kasitomala kapena mkulu wa dipatimenti apatsidwe member basi, ngakhale achonderere bwanji. Oyang'anira mabuku a ndalama ndi ofuna kungoona, reader.

Ma application credential, obwera pa Queens, ndi chinthu chabwino chimene ambiri sachigwiritsa ntchito. M'malo molemba pasiwedi ya munthu mu Terraform kapena mu script ya backup, mumapanga chinsinsi chapadera chokhala ndi maudindo ochepa ndi tsiku lothera. Dziwani kuti chimamangidwa pa munthu amene anachipanga. Akachoka ntchito akaunti yake n'kufufutidwa, script imaima. Za ntchito zokhalitsa pangirani akaunti yakeyake.

Kulumikiza ndi Active Directory kapena LDAP, kumene kampani imasunga maakaunti a antchito ake, kumatheka ndipo kumayenda bwino ngati mutsegula domain_specific_drivers_enabled n'kuika fayilo ya domain iliyonse mu /etc/keystone/domains. Maakaunti a nova, glance ndi anzawo akhalebe mu SQL pa domain ya Default. Mukawaika mu LDAP, tsiku limene seva ya LDAP yazima cloud yonse imaima. Keystone imangowerenga LDAP, silemba, ndipo zoikamo za [security_compliance], monga kutseka akaunti munthu akalakwitsa pasiwedi kangapo, zimagwira pa maakaunti a SQL okha. Mukatsegula lockout_failure_attempts, ikani ignore_lockout_failure_attempts pa maakaunti a mautumiki aja, apo ayi pasiwedi imodzi yolakwika mu nova.conf imatseka akaunti m'masekondi ochepa.

Ofuna khomo limodzi lolowera mapulogalamu onse a kampani, imelo ndi zina, Keystone si yawo. Ilibe tsamba lolembetsera anthu kapena lotumizira woiwala pasiwedi uthenga, ndipo TOTP yake imafuna kuikidwa pamanja kwa munthu aliyense. Pamenepo ikani Keycloak, pulogalamu yopangidwira ntchito imeneyo, kutsogolo, Keystone ilandire anthu kudzera pa OpenID Connect ndi mod_auth_openidc. Malamulo a mapping amalembedwa mu JSON ndipo amavuta kuwalondola ulendo woyamba, ndiye ayeseni ndi keystone-manage mapping_engine musanawakweze, ndipo siyani akaunti imodzi ya admin mu SQL yolowera nayo Keycloak ikagwa.